Injini Yakufa ya Lorna Pruitt

Lorna Pruitt sankayatsa wailesi m'galimoto. Akaliza injini ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yomva kabawi, n'kuyamba kumvetsera. Munthu akamuyankhula nthawi imeneyo, ankangomukwezera chala osamuyang'ana n'komwe. Nkhalamba zimene ankazisambitsa ndi kuziphikira m'makomo mwawo, m'katauni kawo ka ku Ohio, zinazolowera kumuona pawindo ali phee pachiwongolero, mutu uli pambali, ngati akupemphera.

Khalidweli linayamba chaka chimene injini yake yoyamba inafa. Inafera pamsewu waukulu m'nyengo yachisanu, galimoto ikadali yatsopano ndithu. Inagogoda kangapo, n'kuzima, osadzukanso. A kugalaja ya kampani anatchula mtengo umene unamuseketsa. Ndiye anapita kwa mchimwene wake Dwight, yemwe anakagula injini ina kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto angozi, n'kuimanga yekha m'shedi kuseri kwa nyumba yake. Lorna analipira injiniyo pamodzi ndi thukuta la Dwight, ndi ndalama zomwe ankasungira denga. Kuchokera pamenepo mvula ikagwa ankatchera mabeseni kuchipinda.

Patapita zaka ziwiri kunabwera kakhadi papositi. Zinaoneka kuti injini yake sinafe yokha. Anthu masauzande omwe anagula mtundu womwewo anasumira kampaniyo mlandu umodzi, ndipo kampaniyo, ngakhale sinavomere kulakwa, inalola kubwezera aliyense zimene anawononga pokonzetsa. Kwa Lorna amenewo anali madola zikwi zinayi. Linali denga lathunthu.

Anaimba foni ali m'galimoto, akudya buledi wake wamasana. Anayankha mtsikana wa mawu osalala, wa ku ofesi imene khoti linaika kuti izilandira madandaulo.

"Lisiti ya injini imene munagula muli nayo, mayi?"

"Ndili nayo."

"Nanga ya galaja imene inamanga?"

"Kunalibe galaja. Anamanga ndi achimwene anga."

"Palibe vuto. Achimwenewo asaine chikalata cholumbira kuti ntchitoyo anagwira ndi iwo, ndipo munawalipira zakuti. Apo ayi, mupititse injini yakufayo kugalaja ya kampani, aione nambala, aitsegule, atsimikize chimene chinaipha. Zonse zifike mwezi uno usanathe."

"Pali munthu amene amasunga injini yakufa?"

"Mungadabwe, mayi," anatero mtsikanayo.

Loweruka Lorna anamupeza Dwight m'shedi muja, atakhala pachigubu, akunola tcheni cha macheka odulira nkhuni. Dwight anathyoka msana ku fakitale ya matayala zaka zambiri zapitazo, ndipo boma linkamupatsa ndalama ya olumala mwezi ndi mwezi. Ndalama imeneyo ndi imene inkagula chakudya m'nyumbamo, komanso mankhwala a shuga a mkazi wake Joanne. Koma inali ndi lamulo lake: woilandira asapezeke akugwira ntchito yolemetsa yolipidwa. Tauni yonse inkadziwa kuti Dwight amakonza magalimoto, ndipo tauni yonse inkayang'ana kumbali.

Dwight anawerenga chikalata chimene Lorna anabwera nacho atachitalikitsa, poti magalasi anawasiya m'nyumba.

"Zikwi zinayi? Iwe Lorna, walemera. Bweretsa cholembera."

"Mwawerenga pamene akuti munalandira malipiro?"

"Ndawerenga. Ndinaphunzira kuposa iwe."

"Munandiposa ndi chaka chimodzi, chobwereza kalasi. Nanga a boma akachiona?"

"Pepala la kampani ya magalimoto likafika bwanji kuboma? Lili ndi miyendo?"

"Likupita kukhoti, achimwene. Khoti ndi la ndani?"

Dwight anatenga cholemberacho m'manja mwa Lorna. Anachitsegula, n'kuyala pepala pabondo. Koma asanalembe anatembenuka n'kuyang'ana kunyumba, kumene Joanne ankaoneka pawindo akutsuka mbale. Anayang'ana kanthawi kochepa chabe. Lorna anaona. Ntchito yake inamuphunzitsa kuona nkhalamba imene ikunena kuti sikumva kupweteka uku chala chikufinya bulangeti.

Lorna anamulanda cholembera n'kuchiponya m'chikwama.

"Injini yakale ija munaitaya kuti?"

Dwight anayambanso kunola tcheni chake.

"Ndafunsa, achimwene."

"Sindinaitaye."

"Ndiye ili kuti? M'shedi muno mulibe."

"Ukudziwa mmene mapikapu amachitira chipale chofewa chikagwa. Kumbuyo kumapepuka, matayala amangozungulira pamodzimodzi. Pamafunika cholemera. Ena amaika mchenga, ena zipika. Injini ndiye yabwino koposa, siyenda yenda."

"Mulibe pikapu inu."

"Alamu anga ali nayo."

Dwight anali ndi mlamu mmodzi yekha wa pikapu, Merle, mwamuna amene Lorna anasudzulana naye injini isanafe. Merle anachoka ndi mkazi wina wogulitsa nyambo za asodzi, n'kukakhala kumpoto kwenikweni kwa Michigan, kumene chisanu chimatha theka la chaka. Chichokereni, Lorna sanamvepo mawu ake.

"Si alamu anu amenewo," anatero Lorna.

"Unasudzula ndiwe. Ine sindinamusudzule."

"Ndiye kusaka agwape kuja mumapita chaka ndi chaka, mumati muli ndi anzanu a kufakitale."

"Merle anagwirapo kufakitale."

"Miyezi itatu."

"Basi anagwirapo."

Lorna anaseka pang'ono, chifukwa panalibe china choti achite. Sanakwiye kwambiri. Ankadziwa kuti amuna akaphera limodzi gwape mmodzi amakhala pachibale kuposa cha ukwati.

"Nyama ija mumandipatsa, anaombera ndani?"

"Unkati ndi yokoma."

"Ndipatseni nambala yake."

"Lorna, tangondisiya ndisaine. Ukachititsidwa manyazi kumeneko chifukwa cha ine? Mkazi uja adakalipo."

"Manyazi sadontha kuchipinda. Nambala."

Anaimba atafika kwawo, ataima m'khichini, jekete asanavule. Foni inaitana nthawi yaitali.

"Ndani?"

"Ndine Lorna. Musaope, palibe wamwalira."

Kunamveka kutsokomola, kenako chitseko chikutsekedwa. Merle anali atatuluka panja kuti mkazi wake asamve.

"Mayi a Corey. Muli bwanji? Mwana ali bwanji?"

"Mwana ali ndi zaka makumi atatu, ndipo foni ali nayo. Ndikufuna injini yanga."

"Injini iti?"

"Ili kumbuyo kwa pikapu yanu, bambo a Corey. Musayambe."

Anamufotokozera mwachidule za mlandu ndi za galaja. Za Dwight sanatchule, koma Merle sanali wopusa pa zinthu zotere.

"Ndiye mukufuna kuti Dwight asasaine kanthu."

"Ilipo kapena palibe?"

"Ilipo. Ndinaifunditsa lona. Yachita dzimbiri pang'ono, koma nambala ikuoneka. Galaja ya kampani imeneyo ili m'tauni yoyandikana nafe. Koma kuno chipale chikadali m'mawondo. Ndikaitsitsa, pikapu yanga izivina pamsewu. Dikirani dzuwa libwere."

"Dzuwa likamabwera nthawi idzakhala itatha. Ndibweretsa matumba a mchenga."

"Mchenga si injini."

"Injiniyo si yanu."

Merle anapuma mwamphamvu pafonipo, kupuma kumene Lorna anakumva zaka makumi awiri, nthawi iliyonse akamupempha kukonza mpope.

"Mubwera nokha? Ndi kutali. Galimoto yanuyo ifika?"

"Iyenera kufika. A galaja afuna kuiona pamodzi ndi injini yake. Lachiwiri m'mawa mundipeze pakhomo pa galajayo. Kunyumba kwanu sindifika, muwauze mayiwo agone tulo."

"Mukadali yemwe uja."

"Lachiwiri," anatero Lorna, n'kudula.

Tsiku lotsatira atachoka kutchalitchi anaimbira mnzake wa kuntchito kuti amugwirire nkhalamba zake mpaka Lachinayi, n'kumuchenjeza za mmodzi amene amabisa mapiritsi pansi pa lilime. Anapita kusitolo ya zomangira n'kugula mchenga. Anauika m'buti ndi pampando wakumbuyo mpaka galimoto inakhala pansi ngati bakha. Anayang'ana oyilo, anapopa matayala.

Madzulo Dwight anabwera akutsimphina, atanyamula unyolo ndi mbale ya nyama yootcha imene Joanne anakulunga.

"Unyolowu ndi wokwezera injini. Umuuze Merle asanyamule ndi manja, adzafanana ndi ine." Anaima pakhomo akukanda chibwano. "Nanga akakaitsegula n'kunena kuti dzimbiri laononga, sakuona kanthu?"

"Ndiye ndidzagula beseni lina."

"Pepala lija likadalipo. Ukabwerako chimanjamanja, ndisaina."

Lorna anatsegula kabati pansi pa sinki n'kumuonetsa ndowa ya zinyalala. Chikalata chija chinali momwemo, chong'ambidwa pakati, makoko a mazira ali pamwamba.

"Nyamayi ndi ya gwape?" anafunsa.

"Ya nkhumba."

"Chabwino. Pitani, mukuchedwetsa Joanne."

Dwight atapita, anatulutsa chikwama chake chabuluu pansi pa bedi. Anaikamo majuzi awiri, masokosi aubweya, nsapato za m'chipale, lisiti ya injini ndi mapepala a galimoto. Diresi yofiira imene Merle ankaikonda anaigwira, n'kuibwezera pa hang'ala. Anakhuthula mabeseni, n'kuwatcheranso pamalo pake kuopa kuti mvula ingagwe iye kulibe. Kenako anatseka zipi, n'kuika chikwamacho pakhomo, makiyi ali pamwamba.