Pamene Ng'oma Imadikira

Amuna anga ndi amene anaimba ng'oma m'nyimbo yachikondi ija imene anthu amavinabe pa maukwati atagwirana m'chiuno. Ndi nyimbo yoyenda pang'onopang'ono. Limba limalira chapansipansi ngati la m'tchalitchi, malipenga akuyankha woimba mzere uliwonse, ndipo chakumapeto zonse zimangoti zii. Umamva woimba akukoka mpweya. Kenako ng'oma imagunda kamodzi, mawu n'kukwera mpaka kusasa.

Zii ameneyo anamuikamo ndi amuna anga, atakangana ndi gulu lonse tsiku lojambula. Woimbayo anamwalira kalekale. Achinyamata aibwereza nyimboyi kangapo, mothamanga ngati akuthawa mvula, ndipo pa zii paja amathirapo phokoso. Zimandinyansa.

Matenda oiwala anawatha amuna anga. Amangokhala pampando wa pazenera, thaulo lili pakhosi, ndipo ine amanditcha "anesi." Zaka makumi anayi ndikuwachapira, lero ndine nesi! Koma ndinkati ndikaika kaseti ija masana, ikafika pa zii, dzanja lawo lamanja linkadzuka, n'kudikira m'mwamba, n'kugwera pabondo pa nthawi yake yeniyeni. Akatero ankandiyang'ana n'kunena kuti, "Wamva, mkazi wanga?" Ndinkakhalira mawu atatu amenewo basi.

Lachiwiri dzanja silinadzuke. Lachitatunso ayi. Ndinati vuto ndi kaseti, yakalamba, ikukoka mawu. Ndinaimbira mwana wathu wamkazi, ndipo Loweruka anabwera ndi foni yake ndi kasipika.

"Si imeneyo," ndinamudula itangoyamba. "Ya achinyamata iyo."

"Amayi, nyimbo ndi yomweyo."

"Ndati funa ya bambo ako."

Anaipeza. Inamveka bwino kuposa kaseti yanga, mpaka kulira kwa mpando wa woimba limba. Ndinawapukuta pakamwa, ndinachotsa thaulo, n'kuwaika manja pamaondo. Mtima unali m'mwamba ngati mtsikana wodikira kalata.

Malipenga anayankha komaliza. Zii.

Dzanja linangokhala pomwe ndinaliika. Iwo anatembenuza mutu kuchoka kuzenera n'kundiyang'ana mwaulemu, ngati mmene timayang'anira mlendo.

"Yatha, anesi," anatero. "Zimitsani."

Woimba anakoka mpweya. Ng'oma inagunda yokha m'kasipika muja, ndipo amuna anga anadzidzimuka.