Mawu a Mayi mu Phunziro Lachitatu

Veronica analowa mu ofesi ya Ramsey, katswiri wa makompyuta pa yunivesite, fumbi la ku Bangwe likadali kunsapato. Mawa lake ankalandira mphoto ya mphunzitsi wa zachuma amene wabweretsa njira yatsopano yophunzitsira pafoni, ndipo akuluakulu ankafuna kuti phunziro lake limodzi likamveke pamwambowo.

"Ndakonza zonse, madamu," Ramsey anatero monyadira. "Phokoso lonse ndachotsa. Atambala, mawailesi, ndi mayi wina amangolowerera uja."

"Nanga zoyambirira zija?"

"Ndadilita. Zimangodya malo."

Veronica anakhala pampando osauzidwa.

Maphunzirowo anawayamba nthawi ya Covid. Anzake ankatumiza mavidiyo, koma iye ankadziwa kuti bandulo ya mwana wa ku Ndirande siyendera zimenezo. Ankangojambula mawu n'kutumiza pa WhatsApp, atakhala pakhonde pomwe mayi ake, a Jesinta, ankagulitsa tomato. Mayiwo pakamwa pawo panalibe chitseko. Mu phunziro lachitatu, Veronica akufotokoza za kukwera kwa mitengo m'Chingelezi chake cha masuti, iwo anamudula: "Iwe Vero, usawazunguze ana a eni ake. Mvula ikachuluka tomato amawola, wotsalayo amadula. Basi."

Mayiwo anamwalira chaka chatha. Foni yomwe munali zonse inabedwa pa depoti ya Limbe, ndiye mawu awo anangotsala mu kompyuta ya pasukulu. M'mawa uliwonse Veronica ankatseka chitseko cha ofesi n'kumvera phunziro lachitatu, kuti angokalipiridwa pang'ono asanayambe ntchito.

Atachoka kwa Ramsey, madzulo a tsikulo anakhala pakhonde lija. Benchi ya tomato inali pomwepo, yopanda kanthu. Anayesa kukumbuka mawu aja, koma m'mutu mwake munkangomveka mawu ake omwe. Anachita mantha kuposa tsiku la maliro.

Pamwambo holo inadzaza. Akuluakulu anamuyamikira ndi mawu aatali, kenako anatsegula phunziro lachitatu. Mawu a Veronica anamveka oyera ngati a pawailesi, opanda tambala, opanda aliyense. Atafika paja mayi ake ankamudula, panangoti zii. Ramsey anali atachotsa mawu koma mpata wake anausiya.

Veronica anawerama.

"Iwe Vero," anatero mawu a mtsikana kumbuyo kwa holo, motsitsa.

 Veronica anatembenuka. Anali Zeinabu, wophunzira wake wa chaka chomaliza.

"Usawazunguze ana a eni ake," ena anapitiriza, mzere wonse wakumbuyo, ndi kakokedwe komwe kaja ka mayi ake, ka ku Nsanje. "Mvula ikachuluka tomato amawola, wotsalayo amadula. Basi."

Akuluakulu anayang'anana, osadziwa ngati aseke.

Mwambo utatha, Zeinabu anamupeza panja Veronica atagwira chikho chake cha mphoto ngati katundu wa munthu wina.

"Pepani madamu, tinalephera kupirira. Chifukwa chiyani anawachotsa agogo? Funso lija pamayeso tonse tinakhoza chifukwa cha iwowo."

"Anapita," Veronica anayankha. "Ndilibenso mawu awo."

Zeinabu anatulutsa foni yong'aluka galasi, n'kufufuza pang'ono.

"Aliyense m'kalasi ali nawo. Sitidilita."

Anamuikira Veronica foniyo pakhutu. Kutali kunalira tambala. Veronica anatseka maso, kudikira kuti mayi ake amudule.