Mwana wa Castigo, Dzina la Panikala

Castigo anali m'dzenje akuponda dothi pamene mphunzitsi anayamba kuitana maina pansi pa mkuyu. Shikola ya ku Mualadzi inapsa pa nkhondo, ndiye ana ankaphunzirira panja, abambo awo akuumba njerwa chapompo kuti amange ina.

"Noah Panikala!"

"Ndilipo!" kanayankha kamnyamata kowonda kumapeto kwa mzere.

Zacarias, amene ankasenza chikombole, anaima natembenuka. "Pani-chiyani? Mtundu umenewo ndi wa kuti kuno ku Chifunde?"

"Ndi mwana wa a Castigo uja," anatero wina.

"Ooo! Ine ndimayesa a Castigo ndi a Mbewe. Kani masiku ano dzungu likubala mphonda?"

Amuna onse anaseka. Castigo anasekako pang'ono kuti asaoneke wopsa mtima. Aka kanali koyamba kumva dzinalo.

Chaka cha 1986 anthu amfuti analowa m'mudzi namugwira Castigo kuti awasenzere katundu, ndipo sanamubweze. Mkazi wake Ernestina anathawa ndi anthu ena, nadutsa pa Cassacatiza kulowa m'Zambia. Aliyense ankayesa kuti mnzake anafa. Mtendere utabwera, Castigo anatuluka kutchire ataguluka mano akutsogolo, nabwerera kumudzi kwa mkazi wake kumene anali mkamwini. Anapeza mabwinja okhaokha, namanga kachisakasa. Patapita miyezi, galimoto ya obwerera kwawo inatsitsa Ernestina atagwira kamnyamata padzanja.

"Uyu ndi wanu," anatero Ernestina tsiku limenelo. "Ndinali naye m'mimba pamene ankakutengani, koma ndinali ndisanakuuzeni."

Castigo analira pamaso pa anthu, namunyamula mwanayo. Pakhomo ankangomutcha Noah, ndipo za dzina lachiwiri panalibe amene anazifunsa.

Sabata yomweyo ya njerwa kunabwera Florência, mlongo wake wa Castigo, kuchokera kwawo ku Nsadzo. Anadzanena kuti abale afulula mowa wa bambo awo, amene anamwalira nkhondo ili mkati naikidwa mothamanga, popanda mwambo. Atamwa madzi, anamuyang'ana Noah amene ankasenda chinangwa pakhonde.

"Alamu," anatero kwa Ernestina, "mwanayu akuti ali ndi zaka zingati?"

"Zisanu ndi zitatu."

"Ha! Wanga wa zisanu ndi chimodzi amuposa msinkhu. Kaya ku Zambia ana amakula chobwerera m'mbuyo."

"Anadwala kwambiri ali wakhanda."

"Ndi dzina lomwe analitenga ku matendako? Panikiza, kaya Panikala. Dzina lokhalo likudzinenera, alamu. Munapanikizikadi kuulendoko."

Ernestina anatola lichero nalowa m'nyumba.

Castigo atamuperekeza mlongo wake mpaka pamphambano, Florência anasiya nthabwala. "Achimwene, amayi ena amene anali ku Katete ku Zambia komweko akuti mkazi wanuyu sankakhala kumsasa ngati anzake. Ankakhala pakhomo pa mmwenye, ndipo mmwenyeyo anali wakuda ngati ife tomwe. Akutinso anamumva okha mkazi wanu akunena pachigayo kuti magazi a mmwenyeyo ali mwa mwanayu. Ine sindikuwonjezera. Pamowa paja amalume adzatchula ana onse kwa mizimu. Musadzabwere naye, mungatiputire malodza."

Kuyambira tsiku limenelo Castigo ankamuyang'ana Noah mobisa, akamadya, akamasamba, akamayenda. Ankafunafuna khutu lake, chala chake, kayendedwe ka bambo ake. Koma mwanayo anafanana ndi mayi ake okha, ndipo nkhope yake sinathandize aliyense.

Castigo anaiyamba nkhaniyo kumunda, akusosa, dzuwa litapendeka.

"Nabanda," anamuitana mkazi wake ndi mfunda wake, "Panikala ndani?"

Ernestina anaimika khasu. "Ndimadikira kuti mufunse nokha, osati ndi pakamwa pa alamu."

"Ndafunsa."

"Anali mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina kufupi ndi Katete. Akazi awo anali anamwino. Anandipeza pamsika ndikupempha maganyu, mimba itaoneka kale, miyendo itatupa. Ananditenga kuti ndizichapa. Mwanayu anabadwira m'manja mwa mayiwo."

"Nanga dzina?"

"Nthawi ina apolisi ankasonkhanitsa othawa nkhondo onse kuwapititsa kumsasa wakutali. Mwana anali akudwala, ulendo umenewo sakanaupirira. Bambowo anati ife ndife a pakhomo pawo, ndipo kuchipatala anamulembetsa ndi dzina lawo. Kusukulu chimodzimodzi. Mwanayu wakula akuyankha dzina limenelo, ndiye mphunzitsi wa kuno atamufunsa ananena lomwelo."

"Munthu sangopereka dzina lake kwa mwana wa eni ngati akupereka mchere."

"Inenso ndinawafunsa zomwezo. Anaseka. Anati kwawo ku Kerala, chigawo china cha ku India, a Panikala ali mbwee ngati a Phiri kuno, ena a tchalitchi, ena a chipembedzo cha makolo awo, ambiri osadziwana n'komwe. Anati poyamba silinali dzina la banja. Linali ulemu umene ankapatsa anthu ophunzitsa anyamata kumenya ndi ndodo ndi malupanga, ndipo m'chilankhulo chawo mawu oti pani ndi ntchito. Ndiye anati, dzina limene makolo awo anachita kupatsidwa, iwonso angathe kupatsa wina."

Castigo anaphwanya chibuma ndi chidendene. "Nanga za magazi? Unanenadi pachigayo?"

"Ndinanena, ndipo ndinenanso. Malungo anamumaliza magazi mwanayu asanayambe kuyenda. Manja ake anayera ngati ufa. Anga sanagwirizane nawo. A Panikala anagona pabedi natambasula mkono, adokotala nakoka magazi awo kumuika Noah. Ndiye inde, magazi awo alimo. Kodi ndinama?"

"Ali kuti tsopano?"

"Anabwerera kwawo ndi akazi awo chisanafike chaka cha mtendere. Palibe amene mungakamufunse. Pali ine ndekha."

Mawu amenewo ndi amene anamuvuta Castigo. Nkhaniyo inali yomveka, koma ya Florência nayo inali yomveka, ndipo zonse ziwiri zinkakhala pa mwala umodzi, mawu a Ernestina yemweyo.

"Chabwino," anatero. "Mawa upite kwa pulofesoli, mphunzitsi uja, ukachotse dzinalo. Akhale Noah Mbewe basi. Anthu asiye kundiseka."

"Lanu mupatseni, ndi lakedi. Koma linalo sindichotsa."

"Ukukana?"

"Ndikachotsa lero, alamu anena kuti ndabisa umboni. Ndipo munthu amene anandisungira mwana sindingamufufute ngati dothi la kuphazi chifukwa choti a Zacarias aseka. Pamene mwanayu ankafa, inu kunalibe."

Castigo anaponya khasu pansi. "Kunalibe? Ndinali ku ukwati kodi? Ndinali ndi thumba la zipolopolo pamutu, mfuti ili kumsana kwanga! Ndinkadya mizu ine, iwe ukudya mpunga wa amwenye!"

Ernestina anagwira pakamwa. Anadziwa kuti walasa pachilonda, koma mawu anali atatuluka kale. Onse awiri atatembenuka anaona Noah ataima kuseri kwa chulu, atanyamula chigubu cha madzi chimene anawabweretsera. Anachiika pansi bwinobwino nabwerera kumudzi osathamanga.

Masiku otsatira m'nyumbamo munalowa chisanu. Ernestina ankaphika, Castigo ankadya, koma mawu ankadutsira mwa nkhuku ndi mbuzi. Mphunzitsi anakumana ndi Castigo panjerwa namufunsa ngati mwanayo akudwala makutu, chifukwa akaitanidwa dzina sakuyankhanso, amangoyang'ana pansi.

M'mawa wa tsiku la ulendo wa ku Nsadzo, Castigo ankapopa njinga imene anabwereka. Noah anabwera nagwira chiwongolero kuti isagwe. Anakhala choncho mpaka tayala linalimba.

"Ababa," anatero motsitsa mawu, "ngati sindine wanu, ndizikuitanani kuti chiyani?"

Castigo anamanga pampu pa njinga, nakwera, napita yekha.

Njira ya ku Nsadzo inali yoti munthu sapatuka, chifukwa m'mbali mwake munali mabomba okwirira amene anali asanachotsedwe. Castigo anapalasa maso ali panjira, koma mutu uli pa funso lija. Anagona kwa mlongo wake, ndipo kutacha abale onse anapita kumanda.

A Severino, malume awo, ndiwo ankatsogolera. Anali nkhalamba yosaona bwino, ndipo pa nkhondo anataya ana atatu. Anagwada pamutu pa manda ndi chipanda cha mowa ndi nsengwa ya ufa, anthu akuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Alamu, tabwera mochedwa," anayamba kulankhula ndi malemuwo. "Sikunyoza ayi, inali nkhondo. Tinabalalika ngati nkhanga, ndiye lero tabwera kudzakuonetsani amene atsala ndi amene anabadwa inu mutapita, kuti mukawaona panjira musawayese alendo."

Anayamba ndi ana a Florência. Mayiyo ankatchula dzina, nkhalamba inkabwereza n'kudontheza mowa pansi. Anatchulanso ana a Júlio, mng'ono wake wa Castigo. Kenaka a Severino anatembenuzira nkhope kumene kunali Castigo.

"Nanga iwe, mphwanga? Kunyumba kwako kuli ndani?"

Manja anapitiriza kuomba. Florência anamuyang'ana mchimwene wake napukusa mutu pang'ono. Castigo anaona manda a bambo ake, mulu wa dothi wophwa umene iye sanaukumbe nawo. Anaganiza kuti akakhala chete pano, mwana uja adzakhala wopanda kwawo kumbali zonse, pakuti ku India kulibe amene adzamutchule pamanda a munthu. Ngati Ernestina ananena zoona, ndiye kuti iye akhala atataya mwana wake yekhayo ndi pakamwa pake. Ngati ananama, mwanayo sanalakwe kanthu. Chitsimikizo analibe, ndipo anazindikira kuti sadzakhala nacho mpaka imfa.

"Kuli Noah," anatero.

"Achimwene!" anadula Florência.

"Noah yani?" anafunsa a Severino. "Pano timatchula dzina lonse, mizimu isasokere."

"Noah Panikala Mbewe."

Manja analeka kuomba. Nkhalamba inapendeketsa khutu. "Lapakatilo ndi la kuti?"

"Ndi la munthu amene anamupatsa magazi pamene ine ndinali kutchire."

"Amalume, musathire!" anatero Florência ataimirira. "Mwanayo sitikumudziwa. Mukufuna bambo atikwiyire tonse chifukwa cha mwana wa mmwenye?"

A Severino anaimika chipanda m'manja. Kenaka anati, "Ine ndikanapeza wondisungira mmodzi yekha mwa atatu anga, akanamutcha ngakhale Fisi, ndikanavomera. Mwini wake wanena kuti ndi wake. Ngati wanama, mlandu ndi wake ndi bambo ake, si wako." Anaweramira kumanda. "Alamu, kuli mdzukulu wanu Noah Pa... Panikala Mbewe. Lilime langa lakalamba, koma mwamva." Mowa unadontha pansi.

Ena anayambanso kuomba m'manja, ena ayi. Florência anatenga ana ake nachoka mwambo usanathe. Pobwerera kumudzi anamudikira mchimwene wake panjira.

"Mwasankha mkazi kusiya mlongo," anatero. "Pakhomo panu sindidzapondapo. Ndipo mwana wanga akadzangodwala chaka chino, mudziwe kuti ndi inu."

"Chibale ndi fupa, Florência."

"Fupa limathyoka," anayankha, napitirira.

Castigo sanadikire kuti mowa uthe. Anapempha mkazi wa Júlio kuti amuthirire thobwa m'kabotolo, gawo la ana amene atchulidwa, nalimanga kumbuyo kwa njinga.

Anafika ku Mualadzi tsiku lotsatira dzuwa likadalipo. Ernestina anali pamtondo. Anamuona, koma sanasiye kusinja ndipo sanafunse za ulendo. Noah anali atakhala kuseri kwa nkhokwe, ndipo sanathamangire njinga monga ankachitira kale.

Castigo anamasula botolo napita komweko. Ananjuta pafupi ndi mwanayo.

"Imwa. Lachokera kwa agogo ako. Tawauza za iwe, maina ako onse atatu."

Noah analandira ndi manja awiri, koma anayamba wayang'ana kwa mayi ake. Musi unali utaima m'mwamba. Ernestina anagwedeza mutu kamodzi, ndipo mwanayo anamwa.

Florência anasunga mawu ake. Chaka chimenecho sanabwere, ngakhale pamene Ernestina anadwala nthawi yokolola, ndipo akakumana ndi Castigo pamsika ankangopatsana moni wa anthu osadziwana. Panjerwa Zacarias anapitiriza nthabwala zake mpaka zinamukwana yekha. Castigo nthawi zina ankadzipezabe akuyang'ana makutu a mwana uja, kenaka n'kuchita manyazi, n'kumutuma kuti akatenge khasu laling'ono apite limodzi kumunda.