Chifuwa cha Bambo a Mwana Wanga

Mwamuna wanga wakale anali ndi kachifuwa kake. Sikanali ka matenda ayi. Kanali kakafupi, kouma, kongomveka kamodzi kuti "khm", ndipo kankabwera pokhapokha ine ndikamaimba. Iyeyo ndiye anali manijala wanga kuyambira tisanakwatirane. Mu situdiyo ankakhala kuseri kwa galasi atapinda manja, ndipo ndikangophonya pang'ono, kachifuwa kaja kankandipeza. Pamaso pa anyamata a bandi sankanena kanthu. Mlandu unkazengedwa kunyumba, ine nditaima pakhomo la chipinda ngati mwana wa sukulu, iye akuvula nsapato. M'kupita kwa zaka thupi langa linaphunzira lokha. Ndikangomva "khm", nsagwada zinkauma, mapewa n'kukwera, mpweya n'kuthawa.

Nditamusiya ndinatenga mwana wathu wamkazi n'kukakhala kwa mkulu wanga. Ndinasonkhanitsa bandi yangayanga, ndipo tinapeza holo yoti ndiimbemo koyamba pandekha, Lamlungu masana. Anthu anadzaza mpaka ena kuima kukhoma. Iyenso anabwera, atavala jekete yoyera, n'kukhala mzere woyamba pakatikati. Ndili ndi nyimbo ina imene chakumapeto mawu amakwera pamwamba n'kukhala pomwepo, ng'oma ndi magitala zitasiya kulira. Anthu amadikira pamenepo. Ndinakoka mpweya, holo yonse ili zii, iye n'kungoti "khm".

Chimene chinatuluka pakamwa panga sichinali mawu a munthu. Ndinayesanso, zinakanikanso, ndipo ndinatsika pasiteji nyimbo isanathe. Kutacha, kanema anali atalowa m'foni ya aliyense, wina atalembapo kuti "Tambala Wachimfine". Pakanemapo kachifuwa sikankamveka, ndinkangomveka ine. Ana ankalira ngati tambala ndikamadutsa pamsewu. Oitana oimba kumaukwati anasiya kundiyankha. Tsiku lina mwana wanga anabwera kuchokera kusukulu kolala itang'ambika, atamenyana ndi mnzake chifukwa cha dzina lomwelo.

"Zisiye m'manja mwa Mulungu, mng'ono wanga," anatero mkulu wanga akusoka kolalayo.

"Mulungu ali ndi ntchito zambiri, akulu," ndinayankha. "Iyi yokha ndimuthandizako."

Ndinayamba ndi aphunzitsi a mawu, mayi wachikulire amene chipinda chawo chinali pamwamba pa shopu ya matayala. Munali piyano yakale, galasi lalitali ndi ketulo, basi. Anandikwezera mawu pang'onopang'ono mpaka tinafika paja pondigwetsa paja. Ndinafikapo bwinobwino, osavutika n'komwe. Anatseka piyano.

"Mwanawe, mmero wako ulibe mlandu. Kupuma tikonza, chifukwa ukupumira m'mapewa ngati munthu wothawa galu. Koma chimene chinakugwira chili pamwamba pa khosi, ndipo kumeneko piyano yanga siifikako. Pita kwa a Goloboyi."

A Goloboyi kale ankagwira pagolo. Bondo litawathera, anakaphunzira za maganizo a munthu, ndipo tsopano ankathandiza osewera mpira, oimba, ngakhale maloya amene amanjenjemera akaima m'khoti. Anali wamtali, wotsimphina, wa zikhatho ngati mafosholo. Ndinawafotokozera zonse, iwo akungomva.

"Ndiye mukufuna chiyani, mayi?" anafunsa.

"Ndikufuna munthu uja achite manyazi pagulu, ngati mmene anandichitira ine. Ngati mukufuna kundiuza zokhululuka, nenani msanga ndizipita."

Anaseka. "Ine si m'busa. Ukali wanuwo usungeni, ndi wanu. Koma taonani pamene mwauika." Analoza nsagwada zanga. "Mwaluma mano chilowereni muno. Ukali ukakhala pamenepo ukugwirira ntchito iyeyo. Tiutsitsire m'mimba, kumene kumachokera mpweya, uzikugwirirani ntchito inu."

Anandiuza kuti nthawi ya penate masapota a timu ina ankaima kuseri kwa golo n'kumawatukwanira amayi awo. Kutseka makutu kunkakanika. Chimene anaphunzira n'kumva mawuwo, kuwalola adutse, maso ali paphazi la womenya mpira.

Kuyambira pamenepo awiriwo anagwirizana kuti azindiphunzitsa limodzi m'chipinda cha aphunzitsi. Aphunzitsi ankandigoneka chagada pansi, buku lolemera lili pamchombo, kuti ndizilikweza ndi mpweya. Ankandiimbitsa ndikupukusa mutu kuti khosi lisaume. Ndikaima kuti ndiimbe nyimbo ija, a Goloboyi ankakhala pampando kutsogolo kwanga atapinda manja. Anandipempha kuti ndiwaphunzitse kachifuwa kaja ndendende, ndipo anakadziwa mochititsa mantha. Tsiku loyamba atangoti "khm", ndinathamangira kubafa kukasanza.

"Chinayamba n'chiyani?" anandifunsa a Goloboyi nditabwerako.

"Mantha."

"Ayi, m'thupimo. Chinayamba kugwedezeka n'chiyani?"

Ndinaganiza. "Lilime. Limabwerera m'mbuyo."

"Eya," anatero aphunzitsi akumenya piyano ndi chala. "Limenelo ndi langa. Lilime kumano apansi, mwanawe, ndipo usalichotsepo ngakhale denga ligwe."

Ntchito inkayenda choncho. A Goloboyi ankapeza pamene mantha alowera, aphunzitsi n'kupatsa chiwalocho chochita. Ndikamva chifuwa, ndinkayenera kukanikiza zala zakumapazi pansi, kumasula mawondo, n'kukankha mpweya kuchokera pamchombo. Masiku ena a Goloboyi ankagwetsa mipando. Masiku ena ankaitana anyamata a matayala kuti akwere adzalire ngati atambala, ndipo anyamatawo ankaikonda ntchitoyo kuposa yawo. Kanema uja anandionetsa mobwerezabwereza mpaka anandikwana ngati nyimbo ya malonda pawailesi. Ndinalira kambiri m'chipindamo, ndipo tsiku lina ndinawatukwana a Goloboyi n'kumenyetsa chitseko. Mawa lake ndinabwerera. Usiku ndikagona ndinkaona jekete yoyera ija, ndipo m'mawa ndinkadzuka msanga kukapuma pakhonde.

Miyezi itapita, ndinamva kuti hotelo ina ikukonza chakudya chamasana cha anthu a mawailesi ndi okonza zoimbaimba, kumene oimba amakaonetsa luso kuti apeze ntchito. Ndinadziwa kuti mwamuna wanga wakale akakhalako, chifukwa anali atapeza woimba watsopano, mtsikana wa mawu okoma amene ankayenda naye paliponse. Ndinapempha malo ndipo anandipatsa, mwina pofuna kuti alendo akasekeko pang'ono. Kenako ndinauza woimba ng'oma wa mwamunayo, amene pakamwa pake sipatseka, kuti ndikaimba nyimbo yomwe ija ndipo ndikuchita mantha kwambiri. Ndinkafuna uthengawo ufike.

Unafika. Tsikulo iye anakhala patebulo loyandikira siteji, mtsikana uja ali pambali pake. Aphunzitsi ndi a Goloboyi anali kumbuyo pafupi ndi khomo. Nditakwera, wina chakumbuyo analira kokoliriko motsitsa, anthu n'kuseka. Ndinayamba kuimba. Mapazi anali pansi, lilime lili kumano. Tinafika paja. Bandi inasiya, ndinakoka mpweya, ndipo iye anati "khm".

Ndinakamva bwinobwino. Kanadutsa. Mawu anakwera n'kukakhala pamalo pake, oyera, osagwedezeka. Ndinamuyang'ana m'maso. Anatsokomolanso, mokweza tsopano, moti a matebulo oyandikana anatembenuka. Ine mawu ndili nawobe, ndinatsika masitepe ndi maikolofoni m'manja, ndinafika patebulo pake, ndinanyamula tambula ya madzi n'kumupatsira. Anailandira, poti akanatani pamaso pa anthu? Apo m'pamene ndinamaliza nyimbo.

Anthu anaimirira. Ndinadikira kuti m'manja muthe, ndikadali pambali pake.

"Pepani alendo," ndinatero pamaikolofoni. "Awa ndi bambo a mwana wanga. Chifuwa chawochi n'chodabwitsa. Sichibwera akamadya, sichibwera akamalankhula. Chimangobwera mkazi akamakweza mawu. Ulendo watha uja chinawagwiranso pamalo omwewa, ali mzere woyamba. Alipo dokotala muno?"

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. Woimba ng'oma wake yemwe anagwira pamimba. Mafoni anali m'mwamba, ndipo nthawi ino kachifuwa kachiwiri kaja kanajambulika bwinobwino. Iye anayesa kuseka nawo, koma madzi anatayikira pajekete. Anadzuka n'kutuluka, mpando utagwa kumbuyo kwake. Kunena zoona, chinandikomera kuposa tsiku la ukwati wanga.

Ndili kubafa kutsuka kumaso, mtsikana uja analowa n'kutseka chitseko. Ankalankhula monong'ona.

"Asisi, inenso amandichita zomwezo. Ndimaona ngati vuto ndi ine. Masiku ano ndikangoona situdiyo, kukhosi kumauma."

Ndinamuyang'ana. Chisoni ndinamumvera, koma sindinama, ndinaonanso mpata. Mtsikanayu ndiye anali chuma chokha chimene munthu uja anatsala nacho.

"Tuluka, upite kumbuyo pafupi ndi khomo," ndinamuuza. "Ukapeza mayi wachikulire ndi bambo wamtali wotsimphina. Ukawauze kuti ndakutuma ndine."

Sipanapite nthawi yaitali, mtsikanayo anamusiya munthu uja. Woimba ng'oma anabwera kwa ine, wa gitala n'kutsatira. Kanema watsopano anayenda kuposa woyamba uja, ndipo dzina loti "a Chifuwa" linamumata iyeyo. Akalowa m'shopu, anyamata ankayamba kutsokomola. Makolo a oimba achitsikana anayamba kufunsa kaye kuti manijala ndi ndani.

A Goloboyi anandifunsa tsiku lina ngati ndakhuta.

"Ndatsala pang'ono," ndinatero.

"Chabwino. Koma Lachiwiri mubwere, tiyambe kuphunzira kuimba popanda mdani m'holo. Imeneyo ndiye yovuta."

Mwamuna wanga wakale uja anandipeza pageti la sukulu ndikudikira mwana. Anali ataonda, ndevu zosameta.

"Mayi a mwana, zakwana. Ndamva kuti Loweruka muli pawailesi. Mukanene kuti zija zinali nthabwala chabe. Ntchito zanga zonse zaima."

Aka kanali koyamba kuti andiitane "inu" chikwatiranireni.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, bambo," ndinamuyankha. "Loweruka mutsegule wailesi."

Loweruka ndinalankhula za aphunzitsi ndi buku lawo la pamchombo, za a Goloboyi ndi anyamata a matayala. Wofunsa atatchula za manijala wanga wakale, ndinati tilibe nthawi yokwanira, tiike nyimbo.

Mwezi wathawu ndinkapita kukaimba paukwati wina, mtsikana uja ali nane m'galimoto chifukwa tsopano timaimbira limodzi. Pakhomo la holo panaima lole ya kampani yobwereketsa zokuzira mawu, ndipo mmodzi mwa amene ankatsitsa masipika anali iyeyo, thukuta lili kamukamu. Dalaivala ankafuna kudutsa, koma ndinamuuza kuti aime kaye. Ndinatsitsa galasi mpaka pansi, n'kudikira kuti atembenuke atione tonse awiri.

"Lalikululo mukaliike kumanzere kwa siteji, bambo," ndinamuuza. "Ndipo musamale, lisagwe."