Faifi Senti ya pa Denga la a Israel

A Israel Mbewe atamwalira, ana awo sanalimbane ndi mkazi wamasiye pa za nyumba ya ku Chimwemwe mu Kitwe, poti lamulo linali kumbali yake. Analimbana naye pa za kandalama kamkuwa kobowoka pakati.

Mkuluyo anagwira ntchito mumgodi ku Kitwe mpaka chifuwa chinamutulutsa. Mkazi wake woyamba, mayi wa Obadiah ndi Felistas, anamwalira anawo atakula kale, ndipo patapita zaka a Israel anakwatira a Zipporah, mayi wa ku Katete amene ankaimba nawo kwaya ku mpingo wa Reformed. Obadiah sanawalandire konse. Iye ankayendetsa lole ku Ndola, akukhala ku Kanini, ndipo akabwera ku Chimwemwe ankaliza hutala pamsewu kuti bambo ake atuluke. Felistas, yemwe ankagulitsa zovala zakale za salaula ku Ipusukilo, mu Kitwe momwemo, m'nyumbamo ankalowa, koma tiyi wa a Zipporah ankamusiya azizire m'kapu.

Kandalamako kanali ka agogo awo aamuna, amene anapita ku Kenya ngati msilikali pa nkhondo yachiwiri ya azungu. Anabwerako ndi mwendo wotsimphina ndi faifi senti imodzi. A Israel ankakasunga m'kachitini ka mabatani, ndipo ana ali aang'ono ankasuzumira pabowo lake kuyang'ana dzuwa. Palibe amene ankakawerengera ngati chuma.

Zinasintha Obadiah atakumana ndi Conrad pamalo ena omwera mowa ku Ndola. Conrad anali mnyamata wovala jekete ngakhale kukutentha, wa mafoni awiri, wodziwa aliyense wogula chilichonse. Anamuonetsa zithunzi za ndalama zakale zobowoka.

"Izi azungu akuzifuna ngati mankhwala, mudala," anatero Conrad. "Mkati mwake anabisamo chitsulo china chake. Imodzi yokha, mugula lole yanuyanu."

Loweruka lotsatira Obadiah anatenga mlongo wake ku Ipusukilo, ndipo kwa nthawi yoyamba analowa m'nyumba ya bambo ake osagogoda. Anapeza a Zipporah akusankha tinsomba ta kapenta patebulo.

"Tabwera kudzatenga ndalama ya agogo athu," anatero.

"Moni kaye, Obadiah."

"Moni wanu sungani. Kachitini ka mabatani kali kuti?"

A Zipporah anadzuka mosafulumira, anakatenga kachitiniko kuchipinda n'kukakhuthulira patebulo, pambali pa kapenta. Munali mabatani, zipini ndi kiyi wa loko wina amene anatayika kalekale. Ndalama munalibe.

"Mwagulitsa," anatero Obadiah.

"Ndigulitse chiyani? Ine ndinakaona kamodzi kokha, nditangobwera kumene."

"Munabwera muno ndi chikwama chimodzi. Lero nyumba ndi yanu, mipando ndi yanu. Tsopano mwafika mpaka pa za agogo athu, anthu oti simunawaone n'komwe nkhope."

"Bambo ako ndinawasambitsa ine pamene sankatha kudzuka," anatero a Zipporah. "Iwe unali kuliza hutala pamsewu."

Obadiah anasesa patebulo ndi dzanja. Mabatani ndi kapenta zinamwazikira pansi. Analowa kuchipinda, anatembenuza matiresi, anakhuthula sutikesi ya zitenje, anapisa m'matumba a masuti a malemu. Felistas anaima pakhomo. Sanamuletse. Mumtima mwake nayenso ankafuna kuona mayiyo akugwidwa.

Ali m'minibasi kubwerera ndi pamene Felistas anakumbukira. Zaka zingapo kumbuyoko, mvula itangoyamba, anapeza bambo ake ali padenga akudandaula kuti msomali wina wakulitsa bowo ndipo madzi akudonthera pabedi. Anamutuma kuti awaponyere kachitini ka mabatani. Iye anamva nyundo ikulira, kenako bambo ake akuseka, akuti ndalama ya mzungu yapeza ntchito.

"Alongo," anatero chapansipansi, "ndalama ija ili padenga. Atate anaikhomera ku msomali."

Obadiah anamuyang'ana. Za kupepesa kwa a Zipporah sanatchule, ndipo Felistas nayenso sanatchule.

Anasankha Lachinayi masana, nthawi imene amayi a Chigwirizano amakhala kutchalitchi. Unali mwezi wa Disembala, kumwamba kutada kale chakumpoto. Obadiah anabwereka makwerero kwa wowotcherera zitsulo wa pakona, nakwera ndi chitsulo chozulira misomali. Vuto linali loti a Israel anapaka phula pamisomali yonse ya mbali ya kuchipinda, moti mitu yake inali mabulunga akuda ofanana. Felistas ali pansi analoza apa, kenako apo, kenako anavomera kuti sakudziwa.

Obadiah anayamba kuzula wonse. Malata anali akale, odyeka ndi dzimbiri ndi utsi wa kumgodi, ndipo ena ankang'ambika ngati pepala. Lina linatsetsereka n'kugwera pa chigaba cha madzi. Anthu oyandikana nawo anatuluka. Mayi wina anakuwa m'Chibemba kuti wakuba, koma mnzake anamuuza kuti ndi mwana wa malemu, ndiye onse anangoima m'mphepete mwa mpanda kuonerera.

A Zipporah anafika atavala bulauzi yoyera ndi duku, Baibulo lili m'khwapa. Anaima pachipata. Kudzera pazenera ankaona kuwala kwa kunja kukugwera pabedi lawo.

"Obadiah, tsika."

"Ndikatenga changa nditsika."

"Felistas, iwenso uli pomwepa? Ukugwirira makwerero?"

Felistas anachotsa manja pamakwerero.

"Ufiti umenewu," anatero a Zipporah. "Bambo ako sanaume n'komwe m'manda, iwe ukuwasasula denga."

"Mfiti ndi amene amadya za akufa," anayankha Obadiah ali pamwamba. "Bwererani ku Katete ngati mvula mukuiopa."

Pomwepo chitsulo chake chinatukula msomali wina, ndipo pansi pa phula panaoneka mkombero wofiirira. Anaukanda ndi chikhadabo. Anatsika mofulumira moti anatsala pang'ono kugwa, anapyola a Zipporah ngati sakuwaona, n'kuuyamba wa ku siteshoni. Felistas anamutsatira. Asanafike pamsewu waukulu, mvula inayamba, ya madontho akuluakulu. Felistas anacheuka kamodzi. Anaona bulauzi yoyera ikulowa m'nyumba mothamanga, amayi awiri oyandikana nawo akutsatira ndi mabeseni.

Ku Ndola Conrad anawalandira kuseri kwa garaja ina. Anatembenuza kandalamako m'manja, nati phula ndi kuda kwake zikubisa mphamvu, ogula sangakayeze chonchi. Anatunga asidi wa m'batire yakale, anathira m'chivindikiro cha botolo, nakaviika. Kenako anapatsa Obadiah sandipepa kuti apale. Obadiah anapala mpaka kanawala ngati poto watsopano. Conrad anakaika pafupi ndi singano, akuti singanoyo iyenera kuvina. Singano inangokhala. Anayesa ndi njere za mpunga. Nazonso zinangokhala.

"Iyi yafa," anatero Conrad, akupukuta manja. "Mwina inakhalitsa padzuwa. Mukapeza ina mundiimbire."

Foni yake ina inalira, ndipo anachoka akulankhula.

Felistas ndiye anaumirira kuti apite m'tauni, kwa a Morton, mkulu wina amene anali ndi kashopu ka zinthu zakale pafupi ndi njanji: mawotchi, masitampa, nyale za m'migodi, ndi ndalama zamitundumitundu m'timatumba ta pulasitiki. A Morton anavala galasi la diso limodzi, anayatsa nyale ya patebulo, nayang'ana mbali zonse ziwiri. Kenako anapuma mozama.

"Ndani wachita zimenezi?"

"Tangoitsuka," anatero Obadiah.

"Mwaipha." Anaitembenuza ndi nsonga ya pensulo. "Ndalamayi ndi yeniyeni. Onani, iyi ndi minyanga ya njovu yazungulira bowo, nambala faifi pamwamba, ndipo apa panalembedwa East Africa, 1936. Inkayenda ku Kenya, ku Uganda ndi ku Tanganyika. Kuno sinagulepo kanthu, kuno kunali mapeni ndi masheleni. Bowoli anaikira kuti anthu aziitunga pachingwe, poti ambiri analibe matumba. Mbali inayi kuli chisoti chachifumu, nkhope palibe. Dzina lomwe mwapalali ndi la Edward, mfumu ya ku Mangalande imene inasiya ufumu chaka chisanathe. Ndalama za dzina lake si za mitundu yambiri, n'chifukwa chake osonkhanitsa amazikonda."

Obadiah anawerama patebulo. "Ndiye ndi zingati?"

"Musathamange. Amazikonda, koma zinapangidwa zambirimbiri, mamiliyoni. Ikakhala yosakhudzidwa, yakuda bwino ndi ukalamba wake, zilembo zonse zikuwerengeka, ndikanakupatsani ya thumba la ufa, mwina kuposerapo pang'ono. Iyi nyundo inaipinda, msomali unakulitsa bowo, asidi wadya minyanga, ndipo sandipepa wamaliza zotsala. Wosonkhanitsa sagula kuwala. Amagula zaka zimene zili pankhope pake, ndipo inu mwazichotsa."

"Nanga chitsulo cha mkati?"

"Mkati muli mkuwa, bambo. Womwewu timakumba kuno, wosakaniza pang'ono."

"Mukunama," anatero Obadiah. "Mukufuna ndikusiyireni mwaulere, mawa mukagulitse kwa azungu. Nonse ndinu amodzi."

A Morton anavula galasi lija, nakankhira kandalamako kwa iye. "Tengani. Ngakhale mwaulere sindikafuna. Chitseko ndi icho."

Panja Obadiah anayenda mofulumira, Felistas akumuthamangira. Pafupi ndi pokwerera mabasi a ku Kitwe anaima mwadzidzidzi.

"Anasintha," anatero. "Mayi uja. Anachotsa yeniyeni n'kukhomerapo iyi."

"Alongo, a Zipporah akwere padenga? Ndi mawondo aja?"

"Anatuma munthu."

"Phula linali la atate. Munaliona nokha."

"Nawenso wagulidwa?" Anamuloza chala kumaso. "Iwe ndiwe unati ili padenga. Ngati pali mlandu, ndi wako."

Felistas anakwera basi yekha. M'mawa mwake anapita ku Chimwemwe atanyamula pulasitiki yaikulu ya mabelo a salaula. Anapeza matiresi atayanikidwa pampanda, masuti a bambo ake ali pachingwe akudontha, zithunzi za ukwati woyamba ndi wachiwiri zitamatirirana pa mphasa. A Zipporah anali atakhala pampando pakhonde, maso otupa.

"Amayi, ndabweretsa pulasitiki yoti tiphimbe."

Aka kanali koyamba kuwatchula amayi. A Zipporah anayang'ana pulasitikiyo, kenako iye.

"Amayi ako ali kumanda," anatero. "Chotsa chinthu chako pakhomo panga. Tikaonana kukhoti."

Akulu a mpingo anayesa kuwakhazika pansi, koma Obadiah sanabwere, ndipo a Zipporah anati sakufuna pemphero, akufuna malata. Kukhoti laling'ono mlandu sunatalike, poti mboni zinali msewu wonse. Obadiah analamulidwa kukonza denga ndi malata atsopano ndi kugula matiresi. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, anatulutsa kandalama kowala kaja n'kuyamba kufotokoza za kusinthidwa kwake. Anthu anaseka, woweruza anamuuza akhale pansi.

Kuti apeze malata anagulitsa wailesi yakanema ndi firiji, ndipo mkazi wake anatenga ana kupita kwa makolo ake ku Luanshya, akuti abwerera mutu wa mwamuna wake ukabwerera. Obadiah analibe chomulipira mmisiri, choncho anakwera yekha, Felistas akumupatsira misomali. Linali tsiku lotentha, la dzuwa la pakati pa mvula. A Zipporah anatulutsa mpando wawo n'kuuika pansi pa mtengo wa mapeyala, pomwe ankaona msomali uliwonse. Pambali pawo panali jagi ya madzi ozizira ndi kapu imodzi. Ankadzithirira okha.

"Lapotoka ilo," ankatero. "Zula."

Obadiah ankazula, mano atalumana.

Dzuwa litapendeka anatsika, malaya atanyowa, chala chimodzi chikutuluka magazi. A Zipporah analowa m'chipinda, anatseka zenera ndi chitseko kuti muchite mdima, nayang'ana kumwamba ngati pali pamene pakulowa kuwala. Anatuluka.

"Zatha," anatero. "Tsopano mverani nonse awiri. Ndikadzafa, abale anga adzanditengera ku Katete. Musadzabwere. Ndawauza kale mayina anu."

"Sitikanabwera n'kale," anatero Obadiah.

Ananyamula nyundo yake n'kutuluka pachipata. Felistas anatsalira pang'ono, akufunafuna mawu, koma a Zipporah anali atayamba kale kulankhula m'Chibemba ndi mayi wa kuseri kwa mpanda za mtengo wa makala. Felistas anatola thumba lake. Pamsewu anapeza mlongo wake ataima poyembekezera minibasi. Felistas anawoloka, nakaima tsidya linalo, ngakhale kuti basi yake inkaima mbali ya Obadiah yomweyo.