Mwanayo Anavomera

Mlandu wa mwana wanga unafera pa liwu limodzi. Wapolisi wofufuza anamufunsa kuti, "Mayiyo atakuitana, unavomera?" Mwana anati ee, anavomera. Wapolisi analemba, loya wa boma anawerenga, kenako anandiimitsa pakhonde la khoti n'kundiuza kuti nkhani yavuta. Lamulo la kuba ana limagwira munthu amene watenga mwana mokakamiza kapena popanda kuvomera kwa mwanayo. Wangayu, ndi pakamwa pake, wanena kuti anavomera.

Anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Amene anamuitanayo ndi mayi wogulitsa mawigi mumsewu wathu, amene ana onse amamutchula kuti anti. Mwana akuchokera kusukulu, mayiyo anaima pakhomo la shopu n'kumuitana, iye n'kuyankha kuti, "Wawa, anti." Anamutuma kukatsitsa katundu m'galimoto imene inaima kuseri. Galimoto inanyamuka iye ali mkati. Anakapezeka patapita miyezi m'tauni ina, akutsuka matambula m'bala. Zina zimene ankamuchititsa kumeneko ndi zake, sindizinena.

Mayi wa mawigi anabwerera pashopu yake, napentanso chitseko. Bambo ake a mwana ankati tisamuke, anthu atiiwale. Ndinawauza kuti wosamuka alipo, koma si ine.

Ndimagwira ntchito yosita pamalo ochapira zovala. Tsiku lonse ndi nthunzi, makolala a malaya ndi masuti a anthu amene sindidzawaona nkhope. Mwana anasiya sukulu, ndiye ndinkapita naye kuntchitoko. Ankakhala pakona n'kumapinda matawulo, bwinobwino, ngodya kugundana ndi ngodya. Koma munthu akamuitana sankayankha. Ngakhale ine. Ndinkachita kupita pomwe ali n'kumugwira paphewa.

Gulu la makolo a ana obedwa ndinalidziwa kudzera kwa kasitomala. Linkakumana pagalaja ya Amakanika, bambo woonda amene mwana wawo wamwamuna anatengedwa kalekale ndipo sanabwererenso. Tinkakhala pamatayala akutha, pakati pa magalimoto opanda mainjini. Amakanika ndi amene anayenda m'maofesi mpaka kutipezera mpata wokalankhula pamaso pa komiti ya aphungu imene inkakonzanso lamulolo. Atatiwerengera zimene aphunguwo anakonza, tinamva kuti zilango akweza, zaka zandende awonjezera, koma liwu lija la kuvomera alisiya pomwepo.

Makolo anzanga anasankha ine kuti ndikalankhule za liwulo. Amakanika anandipatula pambali n'kundilangiza kuti ndikalankhule modzichepetsa, ndipo misozi ikabwera ndisaibweze, chifukwa misozi ndi imene amaonetsa pa TV. Ndinawauza kuti yanga inauma ndi simbi yositira. Mayi a mapasa, amene amagulitsa masamba ndipo pakamwa pawo palibe chitseko, anati ngati pakufunika wolira iwo alipo, bola tiwalipirire minibasi.

Chipinda cha komiti chinali chozizira ndi makina. Panali tebulo lalitali, mabotolo a madzi osatsegula, ndi maikolofoni pamaso pa phungu aliyense. Ife anatikhazika pamipando yapulasitiki kumbuyo. Wapampando anali bambo wathupi, wa magalasi, waulemu kwambiri, wa ulemu uja umene umakuuza kuti ufulumire. Suti yawo inali yosita bwino kupatula kolala.

Loya wa komiti ndi amene anayamba. Anafotokoza kuti liwulo silingachoke, chifukwa likachoka azakhali otenga mwana kukacheza adzamangidwa ngati akuba. Aphungu anagwedeza mitu. Nthawi yanga itakwana ndinapita kutsogolo, koma wapampando anali atawerama, akunong'onezana ndi mnzawo uku akuonetsana china chake pafoni. Ndinadikira pang'ono. Sanaweramuke.

"Bambo wapampando."

"Ee, mayi," anatero osayang'ana.

"Zikomo, mwavomera. Nyamukani, galimoto ili kuseri."

Anadzutsa mutu. Kumbuyo mayi a mapasa anaseka mokweza, aphungu awiri atatu n'kutsatira. Wapampando anavula magalasi n'kunena kuti sanavomere kalikonse, angoyankha chabe mwaulemu chifukwa ndawaitana.

"Kwa inu ndi ulemu," ndinatero. "Kwa mwana wanga ndi chilolezo choti amugulitse?"

Kuseka kunatha. Ndinawafotokozera zonse monga zinayendera, kuyambira pakhomo la shopu mpaka pakhonde la khoti. Ndinati mwanayo ndinamuphunzitsa ndekha kuti wamkulu akaitana umavomera, monga anakuphunzitsirani amayi anu, ndipo sindikupepesa. Lero savomera aliyense, ngakhale ine amene ndinamubereka. Amene anamuitana uja akugulitsabe mawigi, ndipo ana a sukulu akudutsabe pakhomo pake.

Loya uja anayatsa maikolofoni yake. Anati akumva chisoni, koma apo analakwitsa ndi wapolisi pofunsa, osati lamulo. M'malamulo kuvomera ndi kulola ndi mtima wako.

Ndinamuuza kuti chabwino, titenge tanthauzo lakelo. Tinene kuti mayiyo analonjeza foni, kapena ntchito ya m'tauni, mwana n'kulola ndi mtima wake wonse. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu simumulola kuvota. Simumulola kuyendetsa galimoto kapena kugula mowa, mumati nzeru zake sizinakhwime. Zimakhwima liti? Tsiku lokhalo limene wakuba wamufuna? Za azakhalizo, ndinati, azakhali enieni amauza makolo asanatenge mwana. Lembani kuti wofunsidwa ndi kholo.

Wapampando anathokoza, nati mfundo zanga zamveka ndipo komiti iziganizira pa nthawi yake. Anapempha kuti makolo tituluke, pakuti panja pakudikira gulu lina.

Ndinabwerera pampando wanga n'kukhala. Ndinkadikira kuti Amakanika, munthu wa kudzichepetsa uja, aimirira n'kutitsogolera kunja. Sanaimirire. Anapinda manja awo akuda ndi oilo n'kunena motsitsa mawu kuti mawu akuti "tiganizira" anawamva koyamba mwana wawo atangotengedwa ali ndi msinkhu wofika m'chiuno, ndipo lero akanakhala bambo wandevu. Palibe kholo limene linasuntha.

Mlonda anabwera, mnyamata wa yunifomu yomukulira, n'kuyamba kutiitana mmodzimmodzi, amayi inu, abambo inu.

"Pepani achimwene," anatero mayi a mapasa. "Masiku ano tikaitanidwa sitivomera. Taona kumene zimathera."

Mlonda anayang'ana wapampando. Wapampando anayang'ana atolankhani awiri amene poyamba ankaodzera koma tsopano anali ataimirira ndi makamera. Kutikoka pamaso pa makamerawo sakanatha. Kutisiya sakanathanso, poti ena ankadikira pakhomo. Tinakhala choncho, makina akutiuzira mphepo.

Amene anathetsa nkhani ndi phungu wamkazi wokhala kumapeto kwa tebulo, amene sanalankhulepo chiyambire. Anati sakuona chifukwa chodikira. Anapempha kuti komiti ivote pomwepo: liwulo lichoke, ndipo palembedwe kuti mwana akatengedwa makolo kapena omulera osadziwa, kuvomera kwake sikupulumutsa womutengayo. Wina anati zimenezo si dongosolo. Wina anati dongosolo likuloleza. Anakangana m'chinenero chawo cha malamulo mpaka wapampando anatopa n'kuti manja akwezedwe.

Anakwera pang'onopang'ono, ena akuyang'ana kaye anzawo. Okana analipo ndithu, ndipo nkhope zawo ndinazisunga. Koma ovomereza anachuluka.

Sitinaombe m'manja. Tinaimirira, n'kubweza mipando pamalo pake, n'kutuluka.

Loya wa komiti uja anandipeza pamasitepe. Anati ndisasangalale msanga. Iyi ndi komiti chabe, aphungu onse sanakambirane, ndipo akhoza kulibwezeramo liwulo. Anawonjezera kuti ngakhale lamulo litadutsa, silibwerera m'mbuyo. Mayi wa mawigi sadzamangidwa chifukwa cha mwana wanga.

"Ndikudziwa," ndinatero. "Koma mumsewu mwathu ana alipo ambiri, ndipo mayiyo sanasiye kuitana."

Kenako ndinamufunsa kuti m'chipinda chimene aphungu onse amakumana muli mipando ingati ya anthu wamba. Anati si yambiri. Amakanika, amene ankamvetsera ali pambali, anati palibe vuto, matayala akutha ali nawo odzaza galaja.