Njira Yakale ya Linthipe

Dzenje la maziko litafika m'chiuno, khasu la Jailosi linagunda chinthu cholimba. Mkazi wake Pauline anaponya fosholo pansi n'kuyamba kufukula ndi manja. Anapeza mafuwa atatu, oikidwa bwinobwino ngati wophika wangochokapo, akadali akuda ndi mwaye.

"Bambo a Precious," anatero monong'ona, "pano panali pakhomo pa munthu."

"Zakalekale zimenezo. Tiyeni tizikumba."

Banjali linali litangosamuka ku Chitala kudzayamba geni ya nsomba kufupi ndi kumene mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja. Malo omangapo anawapeza mosavuta, chidikha cha mchenga woyera chopanda chitsa ndi chimodzi chomwe, mtsinje uli patali ndithu. Koma Pauline ankadabwa kuti nyumba zonse za m'mudzimo zinali pamtunda. M'chidikhamo anali okhaokha.

M'mawa mwake anapeza madzi m'maziko. Unali mwezi wa Okutobala, mvula isanadonthe n'komwe. Anawakapa onse, koma pofika masana anali atabwereranso, ozizira ngati a mumtsuko. Pauline anagwada n'kuika khutu pamchenga wonyowawo. Pansipo pankamveka kaphokoso, ngati wina akutsanula madzi kutali.

"Ine pano sindidzagonapo. Eni malo ano sanachoke."

"Mayi a Precious, njerwa tawotcha kale, dzinja lili pakhomo. Mwanayu mukufuna akagone kuti?"

Pauline anatenga chidebe n'kuchoka. Atapita kumjigo anaulula nkhaniyo kwa mayi Tausi, owamba nsomba, amenenso anali mu komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mayiwo sanaseke. Anatula chidebe chawo n'kunena kuti, "Tiyeni kwa amuna anu pompano."

Anawatenga onse awiri n'kuyenda nawo m'chidikhamo chokwera. Anawaonetsa miyala yobulungira, yosalala, ndi bango lobiriwira lomwe linandanda mokhotakhota pakati pa udzu wouma. Kenako anaima pansi pa mkuyu n'kuloza m'mwamba. Pamphanda ya nthambi, pamwamba kuposa mutu wa Jailosi, panali patakodwa chipika chachikulu chofumbwa.

"Achimwene, mukuganiza kuti anachikweza pamenepo ndani?"

Jailosi anapukusa mutu.

"Mtsinje wa Linthipe umachokera kumapiri a ku Dedza," anatero mayi Tausi. "M'njira umalandira madzi a Diamphwe, umalandiranso a Lilongwe. Onsewo amatsikira kuno. Ukafika kuchigwa kuno umatula mchenga umene wasenza, njira yake n'kutsekeka, ndiye umaboola ina. Pamene mwaimapa ndi njira yake yakale. Zimene mwamva pansi zija si mizimu ayi. Ndi madzi a mtsinje womwewo, akuyenda pansi pa mchenga."

"Nanga mafuwa aja?" anafunsa Pauline.

"Anali a banja lina. Linamanga pano mtsinje utapatuka, ine ndili mtsikana. Tsiku lina madzi anabwerera masana, kunja kuli ngwee. Mayi ndi ana anathawa. Bambo anabwerera kuti akamasule mbuzi. Sanaonekenso."

Jailosi anayang'ana chipika chija nthawi yaitali. Pomaliza anafunsa, mawu ali pansi, "Ndiye tikamange kuti?"

A komiti anawathandiza kupeza malo pamtunda, ndipo analemba nambala ya foni ya Pauline kuti azilandira machenjezo. Milungu iwiri yathunthu ankatuta njerwa pawilibala, Jailosi akudandaula za msana, nthawi zina n'kumati mwina angovutika chabe. Mvula yoyamba inawapeza atafolera.

Tsiku lina mu Febuluwale dzuwa linawala kuyambira m'mawa, kumwamba kopanda kamtambo. Chakumasana foni ya Pauline inalira. Unali uthenga woti kumtunda, ku Dedza ndi ku Lilongwe, kwagwa chimvula. Posakhalitsa anamva wezulo yochenjeza ya mayi Tausi. Anakumbukira kuti m'chidikhamo muli amayi anayi akupalira chimanga, ndipo anathamangira komweko.

"Kwerani kumtunda! Madzi akubwera!"

"Madzi ake ati, mayi? Mvula mukuiona kuti?" anatero mmodzi akupukuta thukuta.

"Yagwa kumapiri. Siyani makasuwo, tiyeni!"

Nthawi imeneyo n'kuti mbalame zitasiya kulira. Kunali zii. Kenako, kuchokera kumadzulo, kunamveka mkokomo ngati wa lole yolemera, koma kumeneko kunalibe msewu. Amayi aja anataya makasu n'kuliyatsa liwiro. Atangofika pamtunda, madzi ofiira anatulukira pa mkuyu paja, atasenza nthochi zathunthu ndi denga la khola, dzuwa likuswabe mtengo. Sipanatenge nthawi, chidikha chonse chinasanduka mtsinje.

Jailosi anali ataima pakhonde la nyumba yawo, mwana ali m'manja. Pauline atafika ali wefuwefu, anamugwira dzanja.

"Mukanandimvera ine, bwenzi tili pansi pa madzi amenewa," anatero Jailosi.

Chimanga cha m'chidikhamo chinapita, koma m'mudzi monse simunafe munthu. Pamsonkhano wotsatira, anthu anasankha Pauline kulowa mu komiti. Masiku ano mlendo aliyense akabwera kudzafuna malo, Pauline amayenda naye m'chidikhamo kaye, kenako amamuuza mawu awa:

"Musanakumbe maziko, funsani eni dera kumene mtsinje unkadutsa kale. Musamange m'njira ya madzi ngakhale itauma zaka makumi angati. Ndipo chenjezo likafika, thawirani kumtunda nthawi yomweyo, ngakhale kunja kuli dzuwa. Katundu amapezekanso, moyo ayi."